Chichewa cha Obesandjo: mmene kafukufuku wanga wa District 9 akuyendera

Sabata 1

Kabuku aka ndatsegula molamulidwa. A Dokotala amene akundiyang'anira pa kafukufukuyu akuti ndikamasunga zonse m'mutu, tsiku lolemba lipoti ndidzakhala nditaiwala pamene maganizo anga anakhotera, n'kuyamba kunama kuti ndinkadziwa kale kumene ndikupita. Ndiye muno ndizilembamo zimene ndachita, zimene zakanika ndi zimene zandisokoneza.

Mutu umene ndinawapatsa unali wakuti ndifufuze mafilimu ndi makanema a science fiction a mu Africa kuyambira 2009 mpaka pano, n'kuona mmene akulumikizirana ndi moyo wa anthu a kumene anapangidwira. Pamndandanda panali District 9 ya ku South Africa, Pumzi ya Wanuri Kahiu wa ku Kenya, Afronauts ya Nuotama Bodomo, Neptune Frost imene anajambulira ku Rwanda, ndi makatuni awiri a 2023: Kizazi Moto ya pa Disney+ ndi Supa Team 4 ya pa Netflix, imene nkhani yake imachitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Anawerenga mpaka pansi, n'kuvula magalasi.

"Achimwene, mukufuna digiri imodzi kapena zisanu ndi imodzi?"

Ine ndinaseka, iwo ayi. Akuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Andipatsa milungu iwiri kuti ndibwere ndi funso limodzi lokha, loti munthu wa ku London kapena wa ku Lagos sangaliyankhe bwino kuposa ine.

Sabata 2

Masiku onse athera pa dzina. Mtundu wa mafilimu amenewa tiutche chiyani m'Chichewa? Ndinayesa "nthano za sayansi". Mlongo wanga, yemwe ndi mphunzitsi wa kupulayimale, anamva ngati ndikunena tinkhani tophunzitsira ana za mpweya ndi madzi. "Mafilimu a zam'tsogolo" nazonso sizikugwira, poti mu District 9 chombo cha zolengedwa za kumwamba chimadzaima pamwamba pa Johannesburg mu 1982, kale ndithu. Mnyamata amene amathira mafilimu m'mafoni pamsika wathu vuto limeneli alibe. Foda yake anangoilemba kuti "ma alien", ndipo momwemo muli za maroboti, za mizukwa, ndi imodzi ya njoka yaikulu yomeza anthu.

Ndakhala ndikuwerenga Darko Suvin, buku lake la 1979, Metamorphoses of Science Fiction, limene aliyense wolemba za nkhanizi amayamba walipatsa moni. Mfundo yake ndi yakuti nkhani yotere imakutengera kudziko lachilendo kuti pobwerako uone lako ndi maso ena, koma chachilendocho chiyenera kukhala chofotokozeka ndi nzeru, osati matsenga. Gawo loyambalo ndikulivomereza ndi manja awiri. Lachiwirilo, mpanda wolekanitsa sayansi ndi matsenga, kwathu kuno ndi wa bango lofumbwa. Munthu amene anakula akumva za lichero louluka usiku kupita ku Joni n'kubwerako tambala asanalire, chombo cha m'filimu sichimudabwitsa momwe chimadabwitsira owerenga a Suvin. Amangofunsa kuti mwini wake ndani, ndipo anakhwimira kuti.

Ndasankha kusiya dzinalo momwe lilili, science fiction, n'kufotokoza m'chaputala choyamba chifukwa chake. Funso limodzi lija silinapezeke.

Sabata 3

Lapezeka, ndipo linali m'thumba mwanga nthawi yonseyi.

District 9 ndinaionera koyamba ndili ku sekondale, mu vidiyo sho ya pa tireding'i senta kwathu: chinyumba cha zidina, chiguduli chotchinga pakhomo, mabenchi a matabwa osapala, sipika ili panja kuti izikopa odutsa. Anthu ankangodikira zowomberana, poti Chingerezi cha Wikus van de Merwe, mzungu wotumidwa kukasamutsa zolengedwazo m'zisakasa zawo za ku District 9, palibe ankachitsata. Kenako panafika mkulu wa zigawenga uja, ali pa njinga ya olumala, anyamata ake atamuzungulira ndi mfuti. Atangotsegula pakamwa, m'nyumbamo munachita zii. Wina kumbuyo anakuwa, "Aise, ameneyu akuyankhula Chichewa!" Phokoso lake linali ngati timu yachinya. Mwini sho anabweza ndi rimoti kawiri konse.

Lachiwiri usiku ndinaioneranso nditavala mahedifoni, ndipo thupi linachita tsembwe pamalo omwe aja. Mkulu wa zigawengayo dzina lake m'filimu ndi Obesandjo, ndipo filimu imati iye ndi gulu lake ndi a ku Nigeria. Koma amene anasewera malo amenewo ndi Eugene Khumbanyiwa, Mmalawi, ndipo zina zimene amayankhula ndi chinenero chathu. Mawu olembedwa m'munsi amangopereka tanthauzo m'Chingerezi, sanena kuti ndi chinenero chanji. Woonera wa ku America anatuluka m'holo akukhulupirira kuti wamva chinenero cha ku Nigeria.

Anthu a ku Nigeria anakwiya nayo filimuyi, ndipo zifukwa anali nazo. Mu Sepitembala 2009, miyezi ingapo isanathe chitulukireni, nduna yawo yofalitsa nkhani, Dora Akunyili, inauza malo oonetsera mafilimu kuti asiye kuionetsa ndipo inafuna kuti kampani ya Sony ipepese. Dzina lakuti Obesandjo likungosiyana pang'ono ndi la Olusegun Obasanjo, amene anali mtsogoleri wa dziko lawo kuyambira 1999 mpaka 2007. Wolemba mabuku Nnedi Okorafor ananena yekha kuti buku lake la Lagoon, la 2014, analiyamba chifukwa cha mkwiyo womwewo. Mbali ya Nigeria yalembedwa kwambiri. M'zimene ndawerenga mpaka pano, Chichewacho chikatchulidwa chimangotchulidwa modutsa, ngati kanthu koseketsa.

Funso ndi ili: filimuyi imasanduka chiyani m'khutu la munthu amene akumva Obesandjo mwachindunji, osadalira zolembedwa m'munsi? A Dokotala anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, tsopano mwayamba ntchito."

Sabata 5

Kuwerenga kokhakokha. Olemba za District 9 ambiri amaima pa miyendo iwiri.

Mwendo woyamba ndi ulamuliro wa tsankho. Dzina la filimu likukumbutsa District Six ya ku Cape Town, imene boma la azungu linalengeza mu 1966 kuti ndi ya azungu okha, n'kusamutsa anthu oposa 60,000, nyumba zawo n'kuzigwetsa. Zikwangwani zoletsa zolengedwazo kulowa malo ena, kampani ya MNU yonyamula zikalata zosamutsira, malo atsopano a District 10 kutali ndi mzinda: zonsezi munthu sachita kufunsa kuti zachokera kuti. Neill Blomkamp, amene anaitsogolera, anabadwira mu Johannesburg momwemo mu 1979, ndipo anakula akuona zimenezi banja lake lisanasamukire ku Canada.

Mwendo wachiwiri ndi umene ukutikhudza ife. Asanapange District 9, Blomkamp anajambula kafilimu kakafupi, Alive in Joburg. M'menemo muli anthu wamba akudandaula za alendo, ndipo woonera amaganiza kuti akunena zolengedwa za kumwamba. Iye mwini anaulula pambuyo pake kuti ena mwa anthuwo anawafunsa za anthu ochokera ku Zimbabwe ndi ku Nigeria. Mawu sanasinthe, anangosintha chithunzi. Ndiye mu Meyi 2008, chaka chomwe filimu yaikuluyo inkajambulidwa, ku Alexandra kunabuka ziwawa zothamangitsa alendo, n'kufalikira madera ena. Anthu 62 anafa. Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anawotchedwa wamoyo ku Ramaphosa, chithunzi chake n'kuzungulira dziko lonse. Amalawi ambiri anabwera kumudzi ali chimanjamanja.

Chinanso chimene chandikhala pamtima: zisakasa za m'filimu zambiri sizinali zomangira filimu. Anajambulira ku Chiawelo, mu Soweto, pamalo pamene anthu enieni ankasamutsidwa kupita ku nyumba za boma. Kamera inalowa m'nyumba zimene moto wake unali usanazizire.

Filimu imene inadya ndalama pafupifupi madola 30 miliyoni, n'kubweza oposa 200 miliyoni, n'kupikisana nawo pa mphoto zinayi za Oscar, singasowe oilemba. Ndawerenga mpaka maso kuwawa. Onsewa ndi anthu anzeru, koma ambiri anaionera ndi maso okha.

Sabata 6

Ntchito yamanja. Ndikulemba mzere uliwonse umene Obesandjo ndi anyamata ake akuyankhula, m'mizati inayi: nthawi yake pa filimu, zimene ndamva, zimene zalembedwa m'munsi, ndi chinenero chake. Kumveka ngati kophweka. Koma pansi pa mawu pali nyimbo, kulira kwa mfuti ndi anthu angapo akukuwa nthawi imodzi, moti kachigawo ka masekondi khumi ndimakabweza mpaka khutu kuyamba kudzipangira mawu ake. Khutu likafuna kumva Chichewa limachimva ndi pamene palibe. Pa chifukwa chimenechi ndapempha anthu awiri, wina wa ku Dedza wina wa ku Chipata, kuti aliyense amvere payekha asanaone zanga. Mzere ulowa mu lipoti pokhapokha tonse atatu tagwirizana, ndipo muno sindilembamo ngakhale umodzi mpaka zimenezo zitatha.

Lachinayi magetsi anazima ndili pakati, batire la laputopu yanga n'lakufa kale, ndipo ntchito ya maola atatu inapita. Tsopano ndikuyamba kulemba pa pepala.

Sabata 8

Loweruka ndinaonetsa filimu kwa gulu loyamba, ndipo mpaka lero mutu sunakhazikike.

Anandisonkhanitsira anthu ndi amalume anga, amene anagwira ntchito m'magadeni a azungu ku Johannesburg zaka zambiri ndipo ziwawa za 2008 zinawapeza komweko. Tinakumana m'kalasi ya sukulu ina, mazenera titatchinga ndi zitenje, pulojekita yobwereka ikuwala pa khoma losapaka laimu bwino. Panabwera anthu asanu ndi anayi, amayi awiri, onse oti anakhalako ku Joni. Wamkulu pa onse anali gogo wina amene anapita ndi Theba kumigodi kale, ndege ya Wenela isanagwe ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa anthu kupita.

Malamulo a kafukufuku amafuna kuti aliyense asaine fomu yovomera. Ndinazungulira ndi kabolodi kanga kopanira mapepala, cholembera chili m'manja, aliyense n'kusaina. Patangopita mphindi zochepa, pa khoma panaoneka Wikus akuzungulira zisakasa ndi kabolodi konga komweko, akugogoda, akumwetulira, akuuza zolengedwazo kuti zisaine chikalata chozisamutsa. Mayi wina anandiyang'ana, n'kuyang'ana kabolodi kanga patebulo. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Kuyambira pamenepo dzina langa ndi "a Wikus", ndipo amalume ndi amene akulilimbikitsa.

Sindinawauze kalikonse za Chichewa. Ndinkafuna ndione ngati achitola okha.

Theka loyamba la filimu, onse anali mbali ya zolengedwazo, ndipo sanachite kuganizira. Kugogoda kwa pakhomo anakudziwa. Kufunsidwa mapepala anakudziwa. Bambo wina anayamba kufotokozera mnzake, mokweza, za mmene anagonera ku Lindela, ku Krugersdorp kumene amasunga oyembekezera kubwezedwa kwawo, mpaka ndinaimitsa kaye filimu kuti amalize. Wikus akuwotcha chisakasa chodzaza mazira a zolengedwazo uku akuseka, mmodzi wa amayi aja anaphimba kumaso ndi chitenje. Dzina lachipongwe limene anthu a m'filimu amatchula zolengedwazo palibe analigwiritsa ntchito. Ankangoti "anzathuwo".

Kenako Obesandjo anayankhula.

Chiseko chinabwera ngati cha mu vidiyo sho muja, koma sichinakhalitse. Filimu itatha, tikumwa fanta ndi mabanzi, mtsutso unatenga ola ndi theka, ndipo maganizo anagawika patatu.

Amalume anati palibe chodabwitsa. "Mphwanga, kwa iwo tonse ndife amodzi. Wa ku Nigeria, wa ku Malawi, wa ku Congo, ukangotsegula pakamwa ndiwe kwerekwere basi." Mawu akuti makwerekwere, monga amafotokozera ambiri, amatsanzira mmene chinenero cha mlendo chimamvekera m'khutu la mwini dziko: phokoso lopanda tanthauzo. Amalume atanena zimenezi ndinasiya kulemba, chifukwa anali atandipatsa chaputala chonse. Filimu imene ikudzudzula kudana ndi alendo yachita ndendende zimene mawu aja amachita. Yatenga chinenero cha mtundu wina n'kuchiveka mtundu wina, podziwa kuti kwa amene inkawapangira, zonse za kumpoto kwa Limpopo ndi phokoso limodzi. Chonsecho zolengedwa za kumwamba anazikonzera kayankhulidwe kakekake mosamala, ndipo Wikus amakamva bwinobwino.

Mmodzi wa amayi aja anakana. Iye akuti ananyadira. Zaka zonse ali ku Joni ankatsitsa mawu akamayankhula pa foni mu takisi, kuopa kudziwika, ndiye lero amve chinenero chomwecho chikukuwidwa m'filimu imene dziko lonse linaonera? "Mwana uja anaba mpata," anatero. "Anamuuza kuti yankhula zakwanu, iye n'kutipatsa moni tonse azungu osadziwa." Maganizo amenewa sindinawayembekezere ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Munthu wosewera filimu si chidole. Khumbanyiwa mwini wake, pa nthawi ya mkangano ija, anauza atolankhani kuti iyi ndi nkhani yopeka chabe, ndipo zolengedwa zoterezi kulibe n'komwe.

Maganizo achitatu anatuluka mochedwa, motsitsa mawu, kuchokera kwa mnyamata amene anakhala chete nthawi yonse. "Bola anati ndi a ku Nigeria." Ena anaseka mwamanyazi, ena anayang'ana pansi. Palibe anamutsutsa. Ndiye ndinaona kuti woonera wa Chichewa filimuyi imamukhazika pa mipando iwiri: ali m'chisakasa pamodzi ndi osamutsidwa, komanso mawu ake akutuluka m'kamwa mwa amene akuwadyera masuku pamutu, kuwagulitsa chakudya cha amphaka pa mtengo wokwera. Ndipo ali ndi kakhomo kothawira, poti mlandu walembedwa dzina la wina. Ife amene timadandaula kuti amatiphatikiza, tinapumira m'mwamba titaona kuti chipongwe chagwera mnzathu.

Sabata 9

Ndamvetsera zimene ndinajambula Loweruka lija, ndipo pali malo amene tsiku lomwelo sindinawazindikire. Ndi pamene Obesandjo, atalangizidwa ndi sing'anga wake, akufuna kudula ndi kudya mkono wa Wikus umene wasanduka wa zolengedwazo, kuti apeze mphamvu yogwiritsa ntchito mfuti zawo. Pa rekoda pali masekondi ambiri opanda ndemanga, opanda ngakhale kutsokomola. Gulu lomwe linkayankhira chilichonse linangoti duu.

Pokambirana, amene anatchula anali gogo uja, ndipo sanazungulire. Anati zimenezi tisanamizire a ku Nigeria, zachitika pakhomo pathu pomwe. Ankanena za kuphedwa kwa anthu achialubino, kumene kunakula m'dziko muno kuyambira chakumapeto kwa 2014, mpaka bungwe la Amnesty International kutulutsa lipoti mu 2016. Filimu inatuluka zaka zisanu zimenezi zisanafike poipa chotero, koma woonera wa lero sangaione ndi maso a 2009. Munthu wofuna chiwalo cha mnzake kuti akhwimire, akuyankhula Chichewa: kwa ife chimenechi si chithunzi chongopeka cha azungu chokha ayi, ndi bala.

Gogo yemweyo anawonjeza china. Madokotala a MNU nawonso anamugoneka Wikus pa tebulo kuti amutumbule ali moyo, atenge ziwalo zake, pofuna mfuti zomwezo, apongozi ake enieni atavomereza. "Onsewo ndi asing'anga," anatero, "kungoti enawo avala zoyera." Olemba angapo anaiona kale mfundo imeneyi ndipo amaigwiritsa ntchito poteteza filimu, kuti sinakondere: mzungu ndi wakuda onse ndi adyera mofanana. Gogoyo sanawerengeko aliyense wa iwo.

Ine pamenepa ndikuima pakati, koma mopendekera. Zoona dyera ndi limodzi. Koma a MNU filimu imawapatsa maofesi, mabanja, phwando la kunyumba, mkazi wolira pa foni. Pakati pawo pamapezeka ndi wina woulula zoipa za kampani. Gulu la Obesandjo lilibe mwana, lilibe mayi wophika, lilibe ndi mmodzi yemwe wokayika. Ngakhale chimodzi mwa zolengedwazo, chotchedwa Christopher Johnson, chili ndi kamwana kake kokondedwa. Mu filimu yonse, anthu okhawo amene sapatsidwa pakhomo ndi alendo akuda ochokera kumpoto. Ndilemba zimenezo mosabisa, ngakhale filimuyi ndimaikonda ndipo ndaionera kokwana kuloweza.

Mpanda wa Suvin uja wagweratu apa. M'filimu momwemo, madzi akuda amene anamuthira Wikus kumaso ndi mafuta oyendetsera chombo komanso ndi amene akumusandutsa. Amatchedwa sayansi chifukwa ali m'kachitsulo konyezimira. Akanakhala mu nsupa bwenzi tikuti chiyani?

Sabata 11

Ndataya Pumzi, Neptune Frost ndi makatuni aja. Zandiwawa, makamaka Supa Team 4, poti Malenga Mulendema amene anaiyambitsa ndi wa ku Zambia konkuno ndipo ikanandipatsa mbali ya wailesi ya kanema. Idikire ntchito ina.

Ndasunga Afronauts yokha, ngati galasi loyang'anira District 9 kuchokera kumbali. Ndi kafilimu ka 2014, kosakwana mphindi 15, kopanda mitundu, kochokera pa nkhani yeniyeni ya Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi amene mu 1964, Zambia ikulandira ufulu, analengeza kuti dziko lake lipita kumwezi ndi ku Mars Amerika ndi Russia asanafike. Ophunzira ake ankawalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pa chitunda kuti azolowere, anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni, ndipo woyamba kukwera anayenera kukhala mtsikana Matha Mwambwa ndi amphaka awiri. Atolankhani akunja anamusandutsa choseketsa. Namwali Serpell, polemba za iye mu New Yorker mu 2017, anafunsa ngati woseka weniweni sanali Nkoloso mwini wake, munthu amene anamenyera nawo ufulu ndipo ankadziwa bwino zimene azungu amayembekezera kuona kwa munthu wakuda.

Funso limenelo ndi lomwe lija la mayi amene anati Khumbanyiwa anaba mpata. Munthu akuoneka ngati akuseweretsedwa, koma mwina ali ndi omvera ena amene kamera sikuwadziwa. Ndipo pali ulusi wina umene sindinaufune koma wabwera wokha: Bodomo anapereka malo a Matha kwa Diandra Forrest, yemwe ndi wachialubino. Mu filimu ina thupi losiyana ndi la ena likusakidwa kuti lidulidwe. Mu inayi ndi limene mudzi wasankha kuti likwere kumwamba. Ndiyenera kusamala kuti ndisakokere mfundoyi patali kuposa pamene ingafike.

Sabata 12

Chaputala chachiwiri chabwerako chili chofiira. A Dokotala akuti ndikulemba ngati loya wa anthu asanu ndi anayi aja, pamene ntchito yanga ndi kuwamvetsa. Akutinso gulu limodzi, losonkhanitsidwa ndi malume wanga, m'dera limodzi, si "Amalawi", ndipo paliponse pamene ndalemba kuti "woonera wa Chichewa" adula mzere n'kufunsa kuti uti. Akunena zoona. Ndikonza magulu ena awiri: la ophunzira a kukoleji amene sanapiteko ku Joni, ndi la amayi okhaokha, chifukwa Loweruka lija abambo ankawadula mawu.

Afunsanso ngati ndaganizirako za makope omasuliridwa, aja amene ma DJ amayankhuliramo Chichewa pamwamba pa filimu yonse. Sindinaganizireko, ndipo manyazi andigwira. Ngati Wikus, Christopher ndi Obesandjo onse akuyankhula Chichewa cha DJ mmodzi, funso langa lonse likutembenuka. Mnyamata wa pamsika uja walonjeza kufunsa anzake a m'tauni ngati alipo anaimasulirapo.

Omvera anga awiri abweza mapepala awo. Tagwirizana pa mizere yambiri, tasiyana pa ingapo, ndipo wa ku Chipata akuumirira pa liwu lina limene ine sindikulimva konse. Tikhala pamodzi Lachitatu ndi sipika yabwinoko.

Dzulo madzulo amalume anaimba foni.

"A Wikus, ndimati ndifunse. Mnzathu uja anakwera chombo n'kulonjeza kuti abwera pakatha zaka zitatu kudzamuchiza mzungu uja, anabwera?"

Ndinawauza kuti filimu imathera pomwepo, Wikus atasandukiratu, akupanga duwa la zitini pa dzala. Mu 2021 Blomkamp ananena kuti iye, Sharlto Copley amene anasewera Wikus, ndi Terri Tatchell amene analemba naye District 9, akulemba yotsatira yake, District 10.

"Kuyambira 2009?" Anawerengera chamumtima. "Ameneyo watchona basi. Wapeza mkazi kumeneko."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kudula. Iwo eni ake pochoka ananena kuti akukakhala zaka ziwiri zokha, ndipo azakhali anadikira zoposa khumi. Mawu akuti kutchona ndawalemba pamwamba pa tsamba loyamba la chaputala chachitatu. Mafunso a gulu la amayi ndiyenera kuwalembanso, ndiwonjezere limodzi la amene anatsala kumudzi akudikira. Fomu yovomera ulendo uno ndidzaipereka filimu itatha, ndipo kabolodi kaja ndikasiya kunyumba.